Gombe la Chesil: Mafunso ndi Mayankho pa Miyala, Zamoyo ndi Mbiri Yake

Kodi gombe la Chesil lili kuti, nanga ndi lotani?

Gombe la Chesil lili m'chigawo cha Dorset, kummwera kwa dziko la England, m'mphepete mwa nyanja yamchere ya English Channel. Silamchenga ayi. Ndi chimulu cha nsangalabwi zokhazokha chomwe chinatandalala mtunda wa makilomita 29, kuyambira pa doko la West Bay kumadzulo mpaka kukagunda chilumba cha Portland kum'mawa. Chakufupi ndi Portland, msana wa muluwu umakwera pafupifupi mamita 15 kuchokera pamadzi, ndipo pena m'lifupi mwake mumakwana mamita 200. Akatswiri amayerekeza kuti miyala yonse ilipo pafupifupi mabiliyoni 180.

Kuchokera ku West Bay kukafika chakumudzi wa Abbotsbury, gombeli ndi lomatirira kumtunda monga magombe ena onse. Likapitirira pamenepo limasiyana ndi mtunda n'kumayenda lokha, nyanja ili mbali iyi, dziwe lalitali lotchedwa Fleet lili mbali inayo. Kumapeto kwake ndiko limalumikiza Portland ndi mtunda. Munthu woima pamwamba pa phiri la Portland amaliona lonse litapindika pang'ono ngati uta, mpaka kukazimirira m'chifunga.

Dzina loti Chesil linachokera ku mawu a Chingerezi chakale otanthauza timiyala. Mafunde akamabwerera amakoka timiyalato, ndipo phokoso lake, lokhala ngati munthu akukhuthula lichero lalikulu la chimanga, silileka usana ndi usiku.

Miyala yake ndi yamtundu wanji, ndipo inachokera kuti?

Pafupifupi miyala 98 pa 100 iliyonse ndi yamitundu iwiri yapachibale, flint ndi chert. Yonse ndi yolimba kwambiri, moti imakanda galasi. Flint amapezeka m'matanthwe a choko. Anapangika pansi pa nyanja yakalekale, m'nyengo imene akatswiri amaitcha Cretaceous, kuchokera ku zotsalira za tizamoyo ta m'madzi zomwe zinasungunuka n'kudzaundananso kukhala mabuluzi olimba mkati mwa chokoyo. Chert anapangika mofananamo, koma m'matanthwe amchenga omwe ali kunsi kwa choko.

Mwa yotsalayo, yochititsa chidwi ndi miyala ya quartzite yofiirira ngati chiwindi, yosalala ndiponso yaphwatalala pang'ono. Kwawo ndi ku Budleigh Salterton m'chigawo cha Devon, kumadzulo. Komabe nakonso inachita kubwera: mitsinje ikuluikulu ndiyo inaikokolola kuchokera kudera lomwe lero ndi kumpoto kwa France, zaka pafupifupi mamiliyoni 240 zapitazo, English Channel kulibe. Choncho mwala wotere unakhala nsangalabwi kawiri, koyamba mumtsinje, kachiwiri m'nyanja. Palinso miyala ina yachilendo yomwe inatayika m'zombo zosweka, popeza kale zombo zinkanyamula miyala pansi kuti zisamapendame.

Chifukwa chomwe miyala yofewa ikusowera n'chosavuta. Gombeli lili ngati mphero. Mwala wa laimu kapena wadongo ukagwa kuchokera ku matherezi oyandikana nawo, umaperesedwa mpaka kusanduka matope. Yolimba yokha ndi yomwe imatsala.

Gombe lotere linapangika bwanji?

Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo dziko linali lozizira kwambiri, ndipo madzi ochuluka anaundana kumtunda kukhala chipale. Nyanja inatsika ndi mamita pafupifupi 120. Pomwe lero pali English Channel panali chigwa chouma chokhala ndi mitsinje, ndipo pachigwapo panamwazikana mchenga ndi miyala zokokoloka kuchokera kumapiri. Kutayamba kufunda, chipale chinasungunuka ndipo nyanja inayamba kukwera. Pokwerapo mafunde ankakankha mchenga ndi miyalayo kutsogolo kwawo, monga momwe tsache limakankhira zinyalala, mpaka zinaunjikana kukhala mzere umodzi wautali. Nyanja italeka kukwera mofulumira, zaka masauzande angapo zapitazo, mzerewo unali utafika pafupi ndi pomwe uli lero, ndipo unatsekera madzi kumbuyo kwake. Madziwo ndiwo dziwe la Fleet.

Nkhani sinathere pamenepo. Pa nthawi yomwe nyanja inali kutali, matherezi a kum'mawa kwa Devon ndi kumadzulo kwa Dorset ankagumuka, ndipo zogumukazo zinangounjikana patsinde popanda chozichotsa. Nyanja itabwerera inazipeza, n'kuzisefa, ndipo mafunde ananyamula miyala yolimba kupita nayo kum'mawa, kukaiwonjezera pa mzere uja. Akatswiri ambiri amaona kuti nsangalabwi zochuluka zomwe zili pamwamba pa gombeli lero zinabwera m'njira imeneyi.

N'chifukwa chiyani miyala imakula munthu akamapita kum'mawa?

Ichi ndicho chinatchukitsa Chesil kuposa china chilichonse. Ku West Bay timiyala ndi tating'ono ngati nandolo. Chapakati, kufupi ndi Abbotsbury, imakhala ngati mtedza wosaswa kapena kuposerapo pang'ono. Pofika ku Portland imakhala ngati mbatatesi, ina ngati nkhonya ya munthu wamkulu. Kusinthaku kumachitika pang'onopang'ono, mwadongosolo ngati pali wina anakhala pansi n'kuisankha. Anthu a m'derali amasimba kuti msodzi wozolowera akakocheza usiku wamdima kapena m'chifunga, ankangotapa miyala m'dzanja n'kudziwa mbali ya gombe yomwe wafikira.

Kufotokoza komwe ambiri amavomereza kumakhudza mphepo. Mphepo yomwe imawomba kawirikawiri kumeneko ndi yochokera kummwera chakumadzulo, ndipo mafunde ake amakhala atayenda ulendo wautali pa nyanja ya Atlantic popanda chowatchinga. Mafunde amphamvu otero amafika pagombe chopendekera, n'kukankhira kum'mawa miyala yonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe. Mphepo ikatembenuka n'kumachokera kum'mawa, mafunde ake amakhala ofooka, chifukwa chilumba cha Portland chimawatchinga ndiponso sachokera kutali. Amenewa amangokwanitsa kubweza timiyala tating'ono kumadzulo, yaikulu n'kutsala komweko. Zimenezi zikachitika kwa zaka masauzande, miyala imasankhika.

Palinso mfundo ina. Mwala waukulu ukakhala pakati pa timiyala, umatulukira pamwamba, motero funde limaugwira msanga n'kuugubuduza. Umaima pokhapokha ukafika pakati pa inzake yofanana nayo, pomwe umalowerera bwino. Ofufuza anayesapo kuponya pagombe miyala ndi zidutswa za njerwa zokhala ndi zizindikiro, ndipo anaona kuti zikuluzikulu ndizo zimayenda msanga. Akatswiri amatsutsanabe kuti mfundo yolemera kwambiri ndi iti, koma ziwirizi sizikanana.

Kodi gombeli likukulabe?

Ayi, ndipo yankho limeneli ndi lofunika kuposa ena onse m'nkhani ino. Njira yomwe miyala yatsopano inkadzera kuchokera kumadzulo inatsekeka. Mwa zina inatsekeka ndi zigumukire komanso mitu ya matanthwe yolowa m'nyanja, yomwe inagawa gombe m'zigawozigawo. Anthu nawo anawonjezera pomanga zipupa za madoko: chipupa chakale cha Cobb ku Lyme Regis, ndi zipupa za doko la West Bay zomwe zinayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1700. Pamwamba pa izo, kwa zaka zambiri makampani ankakumba nsangalabwi pagombe lomweli n'kumagulitsa kwa omanga ndi osefa madzi, ndipo malondawa anadzaletsedwa m'zaka za m'ma 1980. Miyala yomwe ilipo lero ndi yomweyo basi. Ili ngati nkhokwe yomwe munda wake unaleka kulimidwa.

Gombeli likusunthanso, ngakhale pang'onopang'ono. Namondwe wamkulu akabwera, mafunde amatenga miyala ya mbali ya kunyanja n'kuiponya kuseri kwa msana, motero mulu wonse umagubuduka kulowera kumtunda. Umboni wake umaoneka namondwe akatha: m'mbali mwa nyanja mumapezeka zibuluma za dothi lakuda la zomera zowolerana. Dothi limeneli linapangika pansi pa dziwe la Fleet, kumbuyo kwa gombe. Kupezeka kwake kutsogolo kukutanthauza kuti gombe linadutsa pamwamba pake.

Dziwe la Fleet ndi lotani?

Ndi lalitali makilomita pafupifupi 13, koma lopapatiza: pena silifika mamita 100 m'lifupi, pena limayandikira mamita 900. Malo ambiri ndi osaya, moti madzi akaphwa matope amaonekera. Khomo lake ndi limodzi lokha, pa Ferry Bridge, pomwe limakumana ndi doko la Portland. Chakukhomoko madzi ndi amchere ngati a m'nyanja ndipo amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku. Kumtunda kwake, ku Abbotsbury, timitsinje timathiramo madzi abwino ndipo mchere umachepa. Kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti m'dziwe limodzi mukhale zamoyo zamitundu yambiri.

Madzi a m'nyanja amalowanso mobisika. Nyanja ikakalipa, madzi amadutsa m'mipata ya miyala n'kukatumphukira kuseri, ndipo potuluka amakokolola miyala n'kusiya maenje okhala ngati mabeseni akuluakulu m'mbali mwa gombe. Anthu akumeneko amawatcha cans.

Pansi pa dziweli pamamera udzu wa m'madzi wotchedwa eelgrass, womwe umayala ngati dambo. Udzu umenewu ndiwo chakudya cha mbalame zambiri komanso mobisalamo tiana ta nsomba. Nsomba ya bass imakulira m'menemu isanapite kunyanja, ndipo n'chifukwa chake malamulo a usodzi wake m'dziweli ndi okhwima.

Pamiyala yokhayokha pangamere chiyani?

Mbali yoyang'ana kunyanja sipamera kanthu, chifukwa miyala siikhazikika. Zomera zimapezeka kuseri kwa msana, komwe ndere zouma ndi fumbi zimadzaza mipata. Ngakhale kumeneko moyo ndi wovuta: madzi amvula amangopitirira, mphepo imabwera ndi mchere, dzuwa likawala miyala imatentha. Zomera zomwe zimapirira zili ndi mizu yozama ndi masamba okhuthala.

Sea kale ndi m'bale wa kabichi, wa masamba otuwa onenepa okutidwa ngati ndi phula, ndipo mbewu zake zimayandama panyanja mpaka kukamera pagombe lina. Sea pea ndi nyemba yoyanga pansi ya maluwa ofiirira, yosowa kwambiri m'dzikolo. Yellow horned poppy ali ndi maluwa achikasu ndi zikhokhombe zopindika ngati nyanga, zotalika mpaka masentimita 30. M'mwezi wa May ndi June, maluwa a thrift ndi sea campion amakuta malo ena, kuoneka kufiirira ndi kuyera mbee pakati pa miyala yotuwa. Chomera chotere chimatenga zaka kuti chikhazikike, koma mapazi a anthu ochepa okha akhoza kuchithetsa m'nyengo imodzi.

Ndi mbalame iti yomwe imasamalidwa kwambiri pagombeli?

Ndi kambalame kotchedwa little tern. Ndi koyera kumimba, kotuwa kumsana, kamutu kakuda kokhala ndi banga loyera pachipumi, ndipo mlomo wake ndi wachikasu wakuda kunsonga. Kamalemera magalamu pafupifupi 50 okha. Miyezi yozizira ya ku Ulaya kamakhala m'magombe a kumadzulo kwa Africa, ndipo kamafika ku Chesil chakumapeto kwa April kapena mu May kudzaswa. Posaka chakudya kamaima m'malere kakukupiza mapiko, kenaka n'kudziponya m'madzi kukatola kansomba. Kummwera chakumadzulo konse kwa England, malo okhawo omwe mbalameyi imaswerana ndi pano.

Sikamanga chisa. Kamangopalasa kadzenje pamiyala n'kuikira mazira awiri kapena atatu, amawangamawanga ofanana ndi miyalayo. Kubisala kotere kumathandiza, koma sikukwanira. Nkhandwe zimabwera usiku, akhwangwala ndi akabawi masana, ndipo munthu kapena galu akhoza kuponda mazira osadziwa. Mu 1997 panali mabanja a mbalamezi pafupifupi 100, koma pofika mu 2008 anatsala 10 okha. Kuyambira mu 2009 bungwe loteteza mbalame la RSPB, pamodzi ndi mabungwe ena ndi anthu ongodzipereka, linayamba kulondera malowo usana ndi usiku, ndipo linawazinga ndi mpanda wamagetsi.

Alondawo anatulukira vuto lina lomwe silinkaoneka ndi maso. Mazira ambiri sankaswa ngakhale kuti palibe chinawadya. Chifukwa chake chinali mphepo yozizira yomwe imadutsa m'mipata ya nsangalabwi n'kuziziritsa mazira chapansi, make ali chikhalire pamwamba. Mankhwala ake anali apafupi: anakumba timaenje, n'kuyalamo tinsalu ta ulusi wa kokonati, n'kuthiramo mchenga. Mbalame zinayamba kusankha timalo tamchengato, mazira anayamba kuswa bwino, ndipo chiwerengero chinayambanso kukwera. Ntchito yoleza mtima yotere ndi yoyenera kuyamikiridwa.

M'nyengo yozizira dziwe la Fleet limalandira alendo ena: atsekwe akuda a brent ochokera ku Siberia, omwe amadya eelgrass, ndi abakha amitundumitundu ofika m'masauzande.

Nanga mbalame za swan za ku Abbotsbury zinayamba bwanji?

Swan ndi chimbalame choyera cha khosi lalitali, chokulirapo kuposa tsekwe. Mwachibadwa, banja lililonse limafuna dera lakelake ndipo limathamangitsa linzake mwaukali. Ku Abbotsbury zinthu n'zosiyana: mbalame pafupifupi 600 zimakhala pamodzi, zisa zili moyandikana, ndipo alendo amayenda pakati pa zisazo. Sizidulidwa mapiko. Zimakhala chifukwa madzi ndi osaya, chakudya n'chambiri, ndipo gombe limazitchinjiriza ku mafunde.

Anayamba kuziweta ndi amonke a chipani cha Benedicto Woyera, omwe nyumba yawo inamangidwa ku Abbotsbury m'zaka za m'ma 1000. Zolembedwa zosonyeza kuwetaku zilipo za mu 1393. Amonkewo ankaziweta kuti zikhale ndiwo pa maphwando. Mfumu Henry VIII itatseka nyumba za amonke, ya ku Abbotsbury inatsekedwa mu 1539, ndipo malowo anagulidwa ndi banja la Strangways, lomwe zidzukulu zake zikuwasungabe. Anapiye amaswa kuyambira pakati pa May mpaka kumapeto kwa June. Pakapita zaka ziwiri zilizonse, anthu okwera timabwato amakusa mbalame zonse kuti ziwerengedwe, ziyezedwe kulemera ndi kuvekedwa mphete kumwendo.

Pali tizilombo tina tosowa?

Tilipo, ndipo totchuka kwambiri ndi kankhululu kopanda mapiko kotchedwa scaly cricket. Kamakhala m'mipata ya miyala, kamatuluka usiku kudzadya zomwe nyanja yalavula. Kanapezeka koyamba ku Chesil mu 1949, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti kanabwera ndi katundu wa asilikali kuchokera ku Mediterranean pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kenaka kanapezekanso ku Devon, ku Wales ndi pa chilumba cha Sark, zomwe zinasonyeza kuti n'kutheka kanalipo kuyambira kale, kungoti palibe ankakafuna. M'mbali mwa dziwe, momwe madzi amchere amatumphukira, mumakhala kankhono ka DeFolin, kochepa ngati kambewu ka mpunga kodukira. Akalulu nawo amaoneka akuthamanga pamiyalapo.

Anthu a m'derali ankapindula nalo bwanji gombeli?

Kwenikweni ndi usodzi. M'miyezi yotentha nsomba za mackerel zimayandikira gombe m'magulu akuluakulu. Munthu mmodzi ankakhala pamsana wa gombe kuyang'ana pomwe madzi achita bii ndi nsomba. Akafuula, anzake ankakankhira bwato m'madzi, kuzinga gululo ndi khoka, n'kubwerera kumtunda komwe ena ankakoka zingwe. Bwato lake linali lamtundu wakewake lotchedwa lerret: losongoka mbali zonse ziwiri kuti lisamavute kutembenuza, la pansi potambalala kuti likwere pamiyala, ndipo nkhafi zake zinkakolekedwa pa zikhomo kuti zisatayike mafunde akalimenya. Mabwato omwewa ankagwiranso ntchito yopulumutsa anthu.

M'zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa 1800, gombeli linalinso njira ya ozembetsa katundu. Ankabweretsa mowa, fodya ndi tiyi kuchokera ku France pothawa msonkho, n'kumiza migolo m'dziwe la Fleet mpaka mpata wokaitenga utapezeka. Buku la J. Meade Falkner lotchedwa Moonfleet, lomwe linatuluka mu 1898, linatengera nkhani yake pa moyo umenewu.

Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Portland analibe msewu wopita kumtunda. Ankawoloka pakhomo la dziwe ndi bwato lokokedwa ndi chingwe, apo ayi kuyenda pamiyala. Mlatho woyamba unamangidwa mu 1839.

N'chifukwa chiyani zombo zambiri zinasweka pamenepa?

Gombe la Chesil ndilo khoma la kum'mawa la chigawo cha nyanja chotchedwa Lyme Bay. Chombo choyendera matanga chikakumana ndi namondwe wochokera kummwera chakumadzulo chili mkati mwa chigawo chimenechi, mphepo inkachikankhira kugombeli. Kuti chipulumuke chinkayenera kuzungulira nsonga ya Portland, komwenso madzi amawinduka koopsa. Cholephera kutero chinkamenyetsedwa pamiyala. Gombelo ndi lotsetsereka kwambiri, moti chombo chinkafika pafupi zedi ndi mtunda, koma funde lobwerera linkakoka aliyense woyesa kutuluka. Anthu ankamira akumtunda akuwaona, mtunda wongoponya mwala. Wolemba mabuku Thomas Hardy, yemwe kwawo kunali ku Dorset komweko, anatchula malowa ndi dzina lotanthauza gombe la akufa.

Mu January 1749 chombo cha ku Amsterdam chotchedwa Hope chinasweka chitanyamula golide ndi siliva, ndipo chikhamu cha anthu chinakhala masiku angapo pagombe chikufukula miyala. Mu November 1795 zombo zisanu ndi chimodzi za gulu lotsogozedwa ndi Admiral Christian, lomwe linkapita ndi asilikali ku West Indies, zinasweka tsiku limodzi, ndipo anthu oposa 200 anafa. Pa 25 November 1872 chombo cha Royal Adelaide, chochokera ku London kupita ku Sydney, chinatsakamira pafupi ndi Portland. Anthu akumtunda anaponya chingwe ndipo ambiri mwa okwera anapulumuka, ochepa n'kumira. Chomvetsa chisoni n'chakuti migolo ya mowa itayamba kufika kumtunda, ena mwa odzaonerera anamwa mpaka kugona pamiyala, ndipo angapo anafa ndi chisanu usiku womwewo.

Chinachitika n'chiyani mu 1824?

Usiku wa pa 22 kuchezera pa 23 November 1824, mkuntho woopsa unakumana ndi nthawi yomwe madzi a m'nyanja amakwera kwambiri. Mbandakucha nyanja inalumpha gombe. Mudzi wa asodzi wa Chiswell, womwe unamangidwa kuseri kwenikweni kwa gombeli ku Portland, unakokoloka: nyumba zambiri zinagwa ndipo anthu oposa 20 anafa, ena ali m'tulo. Ku mudzi wa Fleet madzi anagwetsa nyumba ndi mbali yaikulu ya tchalitchi. Chipinda cha kuguwa chokha ndicho chinatsala, ndipo chilipobe. Ku Abbotsbury kuli mlongoti wosonyeza pomwe madzi analekeza, pafupifupi mamita 7 kuchokera pansi. Bwato lowolotsa anthu pakhomo la dziwe linawonongeka. Chombo china chotchedwa Ebenezer chinanyamulidwa ndi funde n'kukasiyidwa pamsana pa gombe, ndipo pambuyo pake anthu anachikokera kutsidya n'kuchiyandamitsa mbali ya doko.

Gombeli linakhudzidwa bwanji ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse?

Poopa kuti adani angakocheze pamenepa, asilikali anamanga timalinga ndi mizere ya zibuma za konkire zotchinga akasinja. Mzere wa ku Abbotsbury udakalipo. Kumapeto kwa 1942 ndi kumayambiriro kwa 1943, katswiri wa zopangapanga Barnes Wallis anayesera kuno bomba lake lodumphadumpha pamadzi, lomwe mu May 1943 linagwiritsidwa ntchito pophwanya madamu a ku Germany. Asilikali amaphunzirabe kumanga milatho m'mbali mwa dziweli ku Wyke Regis.

Kodi midzi ya kuseri kwa gombe ndi yotetezeka lero?

Gombe lenilenilo ndilo chitetezo chachikulu. Popanda ilo, mafunde a Atlantic akadafika ku Chiswell, ku msewu wokhawo wopita ku Portland ndi ku madera otsika a tauni ya Weymouth. Koma nthawi zina limagonja. Mu December 1978 ndi February 1979 madzi analowanso mu Chiswell. Chigumula cha mu February chinadzidzimutsa anthu chifukwa kunja kunalibe mkuntho: mafunde ataliatali anachokera ku namondwe yemwe anali kutali pakati pa Atlantic. Chipupa chotchinga nyanja chinali chitamangidwa kale pakati pa 1958 ndi 1965. Zigumula zija zitachitika, m'zaka za m'ma 1980 anawonjezera madengu a waya odzaza miyala pamsana wa gombe, ndi ngalande yaikulu yotenga madzi odutsa m'miyala kukawataya kudoko. Kulinso malipenga ochenjeza anthu. Malipengawo analira m'nyengo ya anamondwe a kumayambiriro kwa 2014, pomwe mafunde anakokolola miyala yambiri ndipo asilikali anabwera kudzathandiza kuibwezera.

Pa za malamulo, gombeli ndi dziwe lake zinalowa mu 1985 m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Mu 2001 bungwe la UNESCO linaika dera lonse la Jurassic Coast, kuyambira ku Exmouth mpaka ku Studland, pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, chifukwa matanthwe ake amasonyeza mbiri ya dziko ya zaka mamiliyoni 185. Chesil ili m'kati mwa dera limeneli.

Mlendo ayenera kudziwa chiyani, ndipo angatengeko mwala wachikumbutso?

Kusambira n'koopsa m'mbali zambiri, ngakhale nyanja itaoneka yabata, chifukwa pansi pamazama mwadzidzidzi ndipo funde lobwerera limakoka mwamphamvu. Kuyenda n'kotopetsa: phazi limalowa m'miyala pa sitepe iliyonse, ndipo palibe mthunzi kapena madzi akumwa. Chigawo chapakati, choyang'anizana ndi dziwe, chimatsekedwa m'miyezi yomwe mbalame zimaswa mpaka kumapeto kwa August. Pa Ferry Bridge pali nyumba yolandirira alendo yoyendetsedwa ndi bungwe la Dorset Wildlife Trust, komwe amafotokoza za malowa.

Kutenga miyala n'koletsedwa, ndipo lamulo lomwe limapatsa makhonsolo mphamvu yoletsa ndi Coast Protection Act la mu 1949. Mu 2007 wolemba mabuku Ian McEwan, mwini buku la On Chesil Beach, anaulula kuti anatengako timiyala tingapo n'kutiika pa tebulo lake lolembera. Khonsolo ya deralo inakumbutsa kuti mlanduwo chindapusa chake chikhoza kufika mapaundi 2,000, ndipo iye anatibweza. Ena anaona ngati khonsoloyo inakulitsa nkhani yaing'ono. Koma alendo amafika pagombeli miyandamiyanda chaka chilichonse, ndipo njira yobweretsa miyala yatsopano inatsekeka kale. Mwala womwe wachoka m'thumba la mlendo ulibe wina wodzalowa m'malo mwake, choncho woutola ausirire, kenaka aubwezere pomwe anautola.